Malangizo oyezera zaka zimene miyala ya ku mgodi ingathe kupha asidi payokha

Malangizowa ndi a inu oyang'anira milu ya miyala ndi madamu a matope otsala ku migodi, makamaka polemba malipoti opita ku ZEMA, bungwe la boma loona zachilengedwe, kuno ku Lusaka motsatira lamulo la zachilengedwe la mu 2011.

Mwala wa pyrite, ngati umene umakumbidwa ku Nampundwe, uli ndi chitsulo ndi salufa, ndipo ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi. Miyala ya laimu, monga calcite ndi dolomite, imapha asidiyo. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti pa ziwirizi, chiyambe kutha n'chiti.

Tapani miyala ndi matope m'malo osiyanasiyana, pamwamba ndi pansi pa mulu, muzitumize ku labotale. Akakuuzani kuchuluka kwa salufa, chulukitsani peresentiyo ndi 31.25. Yankho lake ndi makilogalamu a laimu ofunika kupha asidi wa tani imodzi ya miyala. Salufa akakhala 2 peresenti, pafunika makilogalamu 62.5. Kenako gawani laimu amene ali m'mwalamo ndi nambala imeneyi. Yankho likachepera 1, yembekezerani asidi. Likapitirira 3, ngozi ndi yochepa. Likagwera pakati, musalembe kuti zonse zili bwino.

Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Tinene kuti m'tani ija mwapezeka makilogalamu 90 a laimu. Papepala laimu wachuluka, koma sikuti yense adzagwira ntchito. Dzimbiri lofiirira limamata pamiyala ya laimu ngati utoto, asidi n'kumangodutsa pamwamba osaikhudza. Laimu winanso amangosungunuka ndi madzi a mvula. Mwala wa siderite umanamiza: poyeza umaoneka ngati ukupha asidi, koma chitsulo chake chikachita dzimbiri asidiyo amabwereranso. Uzani a labotale asauwerengere.

Choncho yezaninso liwiro limene laimu ndi salufa zikuthera. Ikani kilogalamu imodzi ya miyala yophwanya m'chitini choyezera, mupitirizemo mpweya wouma masiku atatu, wachinyezi masiku atatu, tsiku lachisanu ndi chiwiri mutsuke ndi madzi oyera. Madzi otsukirawo muyeze pH (muyeso wa asidi), salufeti (wosonyeza salufa wochoka), kashiamu ndi maginiziyamu (zosonyeza laimu wochoka). Chitani zimenezi masabata osachepera 20, ndipo musaleke manambala asanakhazikike. Pa mwala uja wa makilogalamu 90 a laimu ndi 2 peresenti ya salufa, ngati pa sabata pakuchoka mamiligalamu 200 a laimu ndi 30 a salufa, laimu adzatha zaka 9 zisanakwane, pamene salufa adzafika zaka pafupifupi 13. Zaka zinayi zotsalazo asidi adzayenda popanda chomuletsa.

Zaka zimenezi n'za m'labotale. Kunja miyala ndi ikuluikulu, ndipo mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo basi. M'chilimwe mchere woyera kapena wachikasu umaunjikana pamilu, mvula yoyamba n'kuukokolola wonse nthawi imodzi. Tungani madzi oyeza sabata yomweyo, musadikire Januwale. Ikaninso miyala ina m'migolo panja, muziyeza madzi odontha chaka ndi chaka.

Madzi akakhala pa pH 7, kutanthauza kuti alibe asidi, musaganize kuti ndi abwino kumwa. Zinki, manganizi ndi kobati zimatha kukhalabe m'madzi opanda asidi. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukudwalitsabe ana. Kumbukiraninso kuti pansi pa Lusaka pali dolomite wamphangamphanga amene madzi amathamangamo mpaka ku zitsime za m'makomboni, ndipo madzi ena a mumzinda amachokera mumtsinje wa Kafue, umene umadutsa ku Copperbelt.

Mulipoti lembani zaka zochepetsetsa zimene mwapeza, pamodzi ndi malo ndi tsiku limene munatapa mwala uliwonse.