Mafuta a m'thupi ndi mafupa anu: malangizo kwa alimi a ku Kasungu

Abambo ndi amayi, ambirife tikaona munthu watulutsa mimba atagulitsa fodya, timati thupi lakhazikika. Mafupa ake mwina akunena zina.

Mukaphika fupa la ng'ombe yokalamba, taliswani muone. M'kati mumakhala mafuta achikasu, pamene fupa la kambuzi kakang'ono m'kati mumafiirira. Anthufe n'chimodzimodzi. M'fupa muli maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, amene amatha kusanduka omanga fupa kapena osunga mafuta. Tikamakalamba, kapena tikamangokhala osagwiritsa ntchito thupi, ambiri amapita ku mafuta ndipo omanga amachepa. Fupa limafooka mwakachetechete, osamva kupweteka, mpaka tsiku limene mayi aterereka pamjigo n'kuthyoka dzanja.

Mafuta a pamimba ndiwo ovuta kwambiri. Amatulutsa zinthu zimene zimalimbikitsa maselo ogumula fupa kuti agwire ntchito mopitirira. Mafuta ochuluka amasunganso vitamini D, amene thupi limafuna kuti litenge kashiamu, mchere womanga mafupa, m'zakudya, motero wochepa yekha ndiye amayenda m'magazi.

Komatu musayambe kudzimana nsima. Mafuta akakhala osachuluka kwambiri amathandiza. Mayi akasiya kusamba, mafuta ndiwo amapangabe pang'ono homoni ya estrogen imene imateteza fupa. Atsikana ndiwo amandidetsa nkhawa: mtsikana akaonda mopitirira, msambo umatha kuima, chonsecho fupa limamangika mpaka zaka pafupifupi 30. Zaka zimenezo zikadutsa, kubwezera n'kovuta.

Bwerekani tepi kwa telala muyeze chiuno podutsa pamchombo. Mayi akaposa masentimita 80, bambo 94, ayambe kusamala. Chepetsani mandasi, tchipisi cha pachiwaya ndi zakumwa za shuga. Usipa ndi matemba idyani ndi minga yomwe, poti kashiamu ali mmenemo. Bonongwe ndi chisoso tenderani ndi nsinjiro za mtedza wathu uno, ndipo soya musagulitse yense, siyaniko wa phala. Khasu, mtolo wa nkhuni ndi kuyenda pansi zimalimbitsa fupa, ndiye pamtunda waufupi kabaza musiyeni apite. Kusuta fodya ndi kumwa kachasu kumafooketsa mafupa.

Agogo akayamba kufupika, msana kupindika, kapena akathyoka atangogwa pang'ono, musangowathowa ndi madzi otentha. Pitani nawo kuchipatala, ndipo mukawafotokozere adokotala bwinobwino mmene anagwera.