Momwe mungawerengere mavesi amene ambiri timawamva molakwa

Mwana wa mlongo wanga atafika kuno ku Harare kuchokera ku Ntcheu, anatha miyezi ingapo ku Mbare ntchito osaipeza. Pofuna kumulimbitsa mtima ndinkamutumizira pa WhatsApp vesi imodzi yomweyo, Yeremiya 29:11, ija yonena za malingaliro a mtendere ndi tsogolo labwino. Tsiku lina titaweruka ku tchalitchi ku Highfield, mkulu wa mpingo wina, agogo amene anabwera kuno nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anandimva ndikuitchulanso. Anandikokera pambali. "Aphunzitsi, kodi vesi 10 munaiwerengako?" Ndinangoti kakasi. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa Sande sukulu, koma sindinkaikumbuka. Njira ndikulemba apayi inayambira pa manyazi a tsiku limenelo.

Choyamba, werengani mutu wonse. Manambala a mitu ndi mavesi sanaikidwe ndi amene analemba. Mitu inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ntchito imene amati ndi ya Stephen Langton, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi Robert Estienne mu 1551. Paulo analemba kalata, ndipo kalata yochokera kumudzi palibe amaiwerenga mzere umodzi n'kuipinda.

Yesani pa Afilipi 4:13, "Ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo." Mudzaiona kumbuyo kwa kombi, pa makope a ana a mayeso, pa zikwangwani za misonkhano. Bwererani mavesi awiri okha. Paulo ali m'ndende, akuthokoza Afilipi chifukwa cha thandizo lawo, ndipo akuti waphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, kukhuta ndi kugona ndi njala, kusefukira ndi kusowa. "Zonse" zake n'zimenezo. Vesiyi ndi ya mayi amene malonda amuthera m'manja koma sanataye mtima, kuposa ya mwana amene sanawerenge akufuna kukhoza masamu.

Chachiwiri, funsani kuti akulankhula ndani, akuuza yani, zinthu zili bwanji. Apa m'pamene agogo aja anandigwira. Yeremiya 29 ndi kalata yochokera ku Yerusalemu kupita kwa Ayuda amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo mu 597 Khristu asanabadwe. Mutu 28 ukusimba za mneneri Hananiya amene analonjeza kuti pasanathe zaka ziwiri akapolowo abwerera, mpaka anathyola goli limene Yeremiya anasenza pakhosi. Uthenga wokoma ndithu, koma unali bodza, ndipo Hananiya anamwalira chaka chomwecho. Yeremiya akuti ayi: mangani nyumba, limani minda, kwatirani, kwatitsani ana, funirani mtendere mzinda umene mwatengedwerako. Vesi 10 ikuti kubwerera kudzachitika patatha zaka 70. Ndiye kuti ambiri amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anaikidwa m'manda ku Babulo komweko. Lonjezo linali la mtundu wonse, ndipo analidya ndi adzukulu.

Agogo aja anaseka pondifotokozera. "Ife tinabwera kudzagula njinga ndi bulangete n'kubwerera. Kwathu anatitcha machona. Lero adzukulu akulankhula Chishona ku Mufakose ndi ku Mabvuku." Kwa ife a kuno, mutu wonsewo ukulankhula mozama kuposa kavesi kamodzi kamene timakakonda.

Chachitatu, tsegulani muone mawu enieni, ndipo yerekezani Mabaibulo awiri kapena atatu. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Chinyanja chake n'chakale, mawu ena achinyamata sawadziwa. Buku Loyera la 1998 ndi lomveka msanga. Kuno tili ndi mwayi wina: mwana awerenge m'Baibulo la Chishona, wina la Chingerezi, inu la Chichewa, mumve pamene akusiyana. Mukatsegula 1 Timoteo 6:10 mupeza kuti muzu wa zoipa ndi chikondi cha pa ndalama, pomwe pakamwa pa anthu mawu oti chikondi anagwa kale panjira. Mawu ena mungawasake mpaka kucha osawapeza. "Mulungu amathandiza wodzithandiza" mulibe m'Baibulo.

Chachinayi, funsani malemba ena. Pa ichi ndikhalitsapo, chifukwa mumzinda muno aneneri ndi ambiri, ndipo munthu akangofunsa za ndalama za mpingo kapena khalidwe la mtsogoleri amamutseka pakamwa ndi Salimo 105:15, yoti musakhudze odzozedwa anga. Yambirani pa vesi 9. Salimoli likusimba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali anthu owerengeka, alendo oyendayenda kuchoka mtundu wina kupita mtundu wina, ndipo Mulungu anadzudzula mafumu kuti asawachite choipa. Nkhani yake ili pa Genesis 20, pamene Abimeleki anatenga Sara n'kuchenjezedwa m'maloto. Odzozedwawo anali alendo opanda malo awoawo, otetezedwa kwa anthu amphamvu. Lero vesi yomweyo ikutchinjiriza amphamvu kwa osauka.

Kenaka onani zimene anthu a Mulungu anachita. Natani anauza mfumu Davide, wodzozedwa ndi mafuta enieni, kuti munthuyo ndi inu (2 Samueli 12:7). Davide yemwe anakana kupha Sauli, mfumu yodzozedwa, kuphanga, koma atatuluka anamudzudzula. Paulo anatsutsa Petro maso ndi maso ku Antiokeya (Agalatiya 2:11). Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankasanthula malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati Paulo akunena zoona (Machitidwe 17:11). Tanthauzo limene likugundana ndi zonsezi likayikireni. Kufunsa mwaulemu si kukhudza.

Chachisanu n'chachifupi: dziwani mtundu wa zimene mukuwerenga. Mwambi si pangano. Miyambo 26:4 ikuti usayankhe chitsiru, vesi 5 ikuti chiyankhe. Sizikulimbana, monga momwe "kuona maso a nkhono n'kudekha" sakulimbana ndi "ndionetsetse anathetsa nkhosa". Nzeru ndi kudziwa nthawi yake. Choncho mayi amene mwana wake walowerera asamenyedwe ndi Miyambo 22:6, ija yoti mwana wophunzitsidwa njira yake sadzachokamo angakhale atakalamba, ngati kuti sanamulere bwino.

Mukatha zonsezi m'pamene mufunse kuti nanga kwa ine zikuti chiyani, ndipo musafunse nokha. Pitani nazo kwa abusa, kwa akulu a mpingo, kapena pa mapemphero a m'nyumba pakati pa sabata. Ngati mwapeza tanthauzo limene Mkhristu wina aliyense sanaliganizepo, dekhani kaye musanalitumize pa gulu.

Mnyamata uja ndinamutumizira mutu 29 wonse, n'kumupepesa kuti ndinkamupatsa kachidutswa. Anayankha usiku: "Amalume, zaka 70 zandichulukira, koma za kulima mindazo ndamva." Pano akugulitsa tomato ndi anyezi ku Mbare Musika, ndipo kuseri kwa nyumba imene amachita lendi wadzala mizere itatu ya repu.