Chikwama chansalu chizikhala pamodzi ndi makiyi

Ambirife timafunadi kusiya majumbo apulasitiki, koma chimatigwetsa ndi kuiwala. Chikwama umachikumbukira utafika kale polipira, basi n'kulandiranso jumbo ina.

Chomwe chandithandiza ine ndi ichi: mukangotsitsa katundu kunyumba, pindani chikwamacho nthawi yomweyo, muchiike pamene mumaika makiyi kapena m'thumba lomwe mumayenda nalo tsiku ndi tsiku. Zoti "ndiika kenako" ayi. Makiyi simungawasiye potuluka, ndiye nachonso simuchisiya.

Ndipo musathamangire kugula zikwama zatsopano zambirimbiri. Kulima thonje ndi kupanga nsalu kumadya madzi ochuluka, choncho phindu limabwera chikwama chimodzi chikakutumikirani kwa zaka. Sikipa yakale imakwana: dulani mikono, kulitsani khosi, kenako sokani kumunsi kawiri kuti msoko usaphwasuke ndi katundu wolemera.

Majumbo omwe muli nawo kale agwiritseni ntchito mpaka ang'ambike, koma chonde musawatenthe, utsi wake umawononga mapapo. Otayidwa paliponse sawola, amatseka ngalande zamadzi, ndipo ziweto zikawameza amakatseka m'mimba.