Ampulifaya ya gitala ya machubu ikatsika mawu

Ampulifaya yanu ya machubu (timababu tagalasi tokweza mawu) ikuyaka koma mawu akumveka pansipansi? Yambani ndi zosavuta: sinthani chingwe, yesaninso gitala ina. Kenako, ngati ampulifaya ili ndi effects loop (majaki awiri olumikizira zida zosinthira kamvekedwe ka mawu, olembedwa send ndi return), lumikizani majaki awiriwo ndi kachingwe kakafupi. Mawu akabwerera, ndiye kuti m'majakimo muli dzimbiri. Tsukanimo ndi contact cleaner, mankhwala opopera otsukira polumikizira magetsi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya.

Zikakanika, zimitsani, machubu azizire, muyambe kusintha ang'onoang'ono a 12AX7 ndi abwino, osati onse nthawi imodzi, kuti mudziwe pomwe pali vuto. Akuluakulu, monga EL34 kapena 6L6, akatopa mawu amafooka. Akuluakuluwa sinthani onse pamodzi, ndipo bias (muyeso wa magetsi odutsa m'machubuwo) iwonedwenso. Musayatse sipika isanalumikizidwe, chifukwa transformer yotumiza mawu ku sipika ingapse.

M'kati musagwiremo ngati simunaphunzire ntchitoyi: ma capacitor, tizida tosunga magetsi, amatha kusunga mavolti opitirira 400 ngakhale mutazimitsa.