Mmene mungatetezere mapaipi a suweji pakhomo ndi mitsinje ya mu Joni

Madzi amene mumagujumula ku chimbudzi sasowa, amangopita kwina. A kumpoto kwa Johannesburg ambiri amatsikira ku malo otsukira madzi a suweji otchedwa Northern Works pafupi ndi Diepsloot, ndipo akatsukidwa amathiridwa mu Jukskei, mtsinje umene madzi ake amakathera mu damu la Hartbeespoort. A kummwera, monga a ku Soweto, amadzera ku malo otsukira a Goudkoppies, Olifantsvlei kapena Bushkoppies n'kulowa mu Klip, kenako mu Vaal.

Kumalo otsukirako, zitsulo zosefera zimayamba zakola nsanza ndi mapulasitiki. Kenako madzi amayenda pang'onopang'ono kuti mchenga ukhale pansi, ndipo m'mathanki otsatira ndowe zimadikha n'kusanduka matope. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi mabakiteriya amene amadya zonyansa m'mathanki opoperedwa mpweya. Tizilomboti ndi tamoyo. Magetsi akathima nthawi yaitali tizilomboti timasowa mpweya, ndipo oyilo wa galimoto, penti kapena parafini zimapha tizilomboti. Pomaliza amathira klorini kuti majeremusi afe. Matauni ang'onoang'ono ambiri amangogwiritsa ntchito maiwe, momwe dzuwa ndi ndere zimathandiza mabakiteriya kwa milungu ingapo, koma adani ake ndi omwewa.

Ntchitoyi ikalephereka, nayitirojeni ndi fosifolasi zimalowa mumtsinje ngati feteleza. Namasupuni amene timamudziwa mu Shire ndi yemweyo amene amakuta Hartbeespoort. Akamaola amamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kufa.

Tsono pakhomo chitani izi, makamaka inu amene mumakhala m'zipinda zakuseri, mabanja angapo pa chimbudzi chimodzi.

Paipi yaikulu ya pabwalo nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 110, ya m'sinki 40 kapena 50 basi. Mafuta okazingira chipisi amalowa ali amadzimadzi, koma akazizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, amaundana m'paipi n'kumakola chilichonse chodutsa. Akazizira athireni m'botolo, mutseke, muponye mu bini. Mpoto wa nsima muuviike, makoko ake muwawole ndi dzanja musanatsuke. Ndipo ngati mumakwecha mapoto ndi mchenga monga kumudzi, madzi akewo musathire mu gully, kadzenje kaja kolandira madzi a m'sinki panja. Mchenga sumayandama, umakhazikika pamene paipi yakhota ndipo umauma gwa!

M'chimbudzi muzilowa za m'mimba ndi tishu zokha. Matewera a ana, mawaipi, mapadi, makondomu ndi nyuzipepala sizisungunuka. Ikani kabini kovindikira pambali pa chimbudzi, ndipo mlendo aliyense mumuuze mosachita manyazi.

Madzi a mvula a padenga asalowe mu gully ngakhale pang'ono. Ambiri amaona ngati ndi nzeru yochotsera matope pabwalo, koma mapaipi a suweji sanawapangire mvula ya mabingu ya mu Disembala. Amadzaza, zivindikiro za mumsewu zimatukuka, ndipo kumalo otsukira madzi amadutsa mofulumira mabakiteriya asanamalize ntchito. Gully azikhala ndi kakhoma kozungulira komanso sefa yake pamwamba.

Mukamva chimbudzi chikulira kuti gubudu gubudu, kapena madzi akukwera mu gully wina akagujumula, dziwani kuti paipi yayamba kutsekeka. Siyani kuthira madzi. Ngati vuto lili mkati mwa mpanda, ndi udindo wa mwini nyumba, choncho auzeni alandilodi aitane pulambala adzatokose ndi ndodo zake. Soda wowotcha uja amene ena amathira m'mapaipi otsekeka sasungunula thewera, amangomuwotcha m'manja wodzakonzayo. Ngati suweji ikusefukira mumsewu, imbirani Johannesburg Water, kampani yoona za madzi ndi suweji mumzindawu, mutchule msewu ndi nambala ya nyumba yapafupi, ndipo musunge nambala ya dandaulo imene akupatseni kuti muzilondolera nayo.

Musalowe m'dzenje la suweji, olo mutaona chotsekacho ndi maso. Mumakhala mpweya wonunkha ngati dzira lovunda umene ukachuluka mphuno imaleka kuumva, munthu n'kukomoka pompo. Ana atalikirane ndi madzi osefukirawo, ndipo pamene afika pabwalo mutsukepo ndi Jik mutavala magolovesi ndi majombo.