Fani ya kudenga ikakana kumvera rimoti

Kutentha kwa Okutobala ku Lilongwe kuno, fani ikangoima, tulo palibe. Yanga ku Area 25 inandichita zimenezi chaka chatha.

Yambani ndi mabatire. Marimoti ena amalowa AAA, ena kabatire kakafupi ka 12V kolembedwa A23. Aja oyalidwa padzuwa m'mbali mwa msewu asiyeni, otchipa inde, koma amafika kunyumba atafooka kale. Onaninso switchi ya pakhoma, ana amakonda kuizimitsa. Ngati rimoti ili ndi kagalasi kumutu, ilozetseni pa kamera ya foni n'kudina. Kakuwala kakaphethira, rimotiyo ili moyo.

Tsopano pamene ine ndinataya ndalama. Ndinangogamula kuti rimoti yafa, n'kuthamangira kutauni kukagula ina. Wogulitsa analumbira kuti imagwira fani iliyonse. Kufika kunyumba, dina, dina, zii. Kubwerera nayo, akuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti m'chivindikiro chija chogunda denga muli kabokosi kolandira uthenga wa rimoti. Pa mafani ambiri kabokosika kali ndi tiswitchi ting'onoting'ono tinayi, ndipo rimoti nayo ili ndi take, kawirikawiri pansi pa mabatire. Tiyenera kufanana ndendende: koyamba kakakhala m'mwamba pa kabokosi, pa rimoti kakhalenso m'mwamba, mpaka kachinayi. Kamodzi kokha kakasemphana, sizimvana. Zanga zinasiyana pa kachitatu basi, ndipo ndinapsa mausiku atatu chifukwa cha kanthu kosuntha ndi kamtengo ka machesi.

Musanakwere pampando, zimitsani pa main switch, osadalira ya pakhoma yokha. Magetsi athu ndi 230V, sacheza. Masulani tizomangira, tsitsani chivindikiro pang'onopang'ono, fanizani tiswitchito, ndipo muli komweko gwedezani mawaya kuti muone ngati pali ina yokhwepa.

Mafani atsopano ena alibe tiswitchi. Amenewo zimitsani magetsi kwa mphindi imodzi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo panikizani batani lolumikizira la pa rimoti, pa ena lolembedwa Learn, mpaka fani ilire kapena getsi lake liphethire. Mukachedwa, yambiraninso.

Kabokosi kakamanunkha kupsa, ndiye kapita, makamaka ngati vuto linayamba magetsi atangobwera. Gulani kena pamodzi ndi rimoti yake, mupaketi imodzi. Fani ikamangong'ung'udza osazungulira, kawirikawiri ameneyo amakhala capacitor, kachipangizo kothandiza fani kuyamba kuzungulira, rimoti ilibe mlandu. Itanani wamagetsi.