Kafukufuku pakati pa eni nthaka: musapite ndi mafunso olemba kale

Ulendo woyamba wopita kwa eni nthaka, kutanthauza mitundu yomwe makolo ake anali oyamba kukhala m'deralo, ine ndimapita chimanjamanja, wopanda fomu kapena chojambulira mawu. Ndimakhala pansi ndi akuluakulu, kenako amayi paokha, achinyamata paokha, chifukwa pagulu lalikulu olankhula amakhala omwewomwewo. Ndimawafunsa chimene chikuwasowetsa tulo, ndipo funso la kafukufuku limachokera pamenepo. Likasiyana ndi lomwe munalonjeza okupatsani ndalama, bwererani mukakambirane nawo. Musakakamize anthu kuyankha funso lomwe alibe nalo ntchito.

Chilolezo mupemphe kawiri, kwa gulu kudzera mwa atsogoleri ake, komanso kwa munthu aliyense payekha. Mtsogoleri akavomera sindiye kuti aliyense wavomera. Ndipo nenani mosabisa ntchito imene mudzagwiritse zomwe mwatenga. Mu 1990 anthu a mtundu wa Havasupai ku Arizona anayamba kupereka magazi kwa ofufuza a Arizona State University akudziwa kuti nkhani ndi matenda a shuga. Magazi omwewo anadzagwiritsidwanso ntchito pofufuza za matenda a maganizo ndi komwe mtunduwo unachokera, zinthu zimene eni ake sanayembekezere. Mu 2010 yunivesiteyo inalipira madola 700,000 n'kubweza magaziwo. Choncho mukapeza funso latsopano m'kati mwa ntchito, kapempheninso.

Za phindu mugwirizane musanayambe, ndipo mulembe. Anthu a mtundu wa San, a kumwera kwa Africa, ankadziwa kuyambira kale kuti chomera cha hoodia chimaletsa njala, koma bungwe la boma lofufuza za sayansi la CSIR ku South Africa linalembetsa umwini wa mankhwala ake iwo osadziwa, ndipo pangano logawana phindu linabwera mochedwa, mu 2003. N'zosadabwitsa kuti mu 2017 a San anatulutsa malamulo awoawo oti wofufuza aliyense azitsatira. Funsani ngati gulu lomwe mukupitako lili ndi malamulo otere.

Pofunsa, lolani kuti kukhale kucheza. Gogo akayamba nkhani yomwe ikuoneka ngati yasochera, musamudule, yankho nthawi zambiri limakhala kumapeto kwake. Akakhala chete, inunso khalani chete. Ofufuza achinyamata ndimawaona akuthamangira funso lotsatira, ndipo pamenepo ndi pomwe amataya zambiri. Pali zina, monga za miyambo yachinsinsi kapena mankhwala, zomwe angakuuzeni koma osafuna kuti zilembedwe. Zimitsani chojambuliracho iwo akuona.

Nanga mawu ojambulidwawo ndi a ndani? Mitundu ya eni nthaka yotchedwa First Nations ku Canada ili ndi mfundo zotchedwa OCAP, zonena kuti eni zonsezo ndi anthuwo, ndi iwo olamula kagwiritsidwe kake, oziona akafuna, ndiponso ozisunga. Ine ndimatsatira zomwezo kulikonse. Za mayina samalaninso. Makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku amakonda kuti mayina abisidwe, koma mkulu yemwe wakupatsani nzeru za makolo ake mwina akufuna dzina lake lioneke. Mufunseni mwini wake.

Musanasindikize chilichonse, bwererani mukawafotokozere pakamwa, m'chinenero chawo, zomwe mwapeza, ndipo akonze pomwe simunamvetse. Ndalama za ulendo umenewu muziike m'bajeti pachiyambi pomwe, chifukwa pofika nthawiyo thumba la polojekiti limakhala litauma.